Kabokosi ka Dola Imodzi

M'chaka cha 1951, wojambula zithunzi wina wa ku Britain, dzina lake Bert Hardy, analemba nkhani yolangiza anthu wamba kuti chithunzi chabwino sichilira kamera yodula. Mawu otere akachokera kwa munthu amene ali ndi zida zapamwamba, yemwenso akulandira malipiro ku magazini yaikulu ya Picture Post, omvera amangoti: mukutero poti inu muli nazo. Wokhuta sachedwa kuuza wanjala kuti nsima si kanthu. Hardy anali atajambula nkhondo ya ku Korea chaka chapitacho, ndiye dzina anali nalo kale. Kuti mawu ake asathere m'malere, anasiya makamera ake odulawo, natenga Box Brownie, kabokosi kamene makolo ankagulira ana, n'kupita nako ku Blackpool, m'mphepete mwa nyanja.

Chimene anabwera nacho ndi chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri za Britain wa zaka zimenezo. Atsikana awiri akhala pa chitsulo chotchinga m'mbali mwa msewu, akuseka, mphepo yakweza diresi lamadonthomadontho la mmodzi wa iwo. Alipo amene amanyinyirika kuti Hardy anachita kuwakhazika atsikanawo, sanangowapeza. N'zoona, anachita kuwakhazika. Koma kwa ine apo ndi pamene pagona nkhani. Kabokosi kaja sikankasankha chilichonse. Tsono iye anasankha zonse zimene zinali kunja kwa bokosi: tsiku loti dzuwa likuwala, malo oti kumbuyo kulibe zosokoneza, mtunda woti aimepo, ndi nthawi yodina. Ndikamawerenga mbiri ya makamera otchipa, kuyambira Brownie mpaka timakamera ta dijito timene tikugulitsidwa pa kaunjika lero, ndimapeza kuti zinthu zinayi zomwezo ndi zimene zakhala zikusiyanitsa chithunzi chosungidwa ndi chotayidwa.

Kuti timvetse kumene kabokosika kanachokera, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Cha m'ma 1850 ndi 1860, wojambula ankakhalanso wosakaniza mankhwala. Ambiri ankajambulira pa magalasi amene ankayenera kupakidwa mankhwala pomwepo, kujambulidwa asanaume, ndi kutsukidwa mu katenti kamdima nthawi yomweyo. John Kirk, dokotala amene anali pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi kuyambira 1858, anajambulako zithunzi m'zigawo zathu zino, ndipo mankhwala ankachita kukonza yekha m'kati mwa kutentha ndi malungo. Ntchitoyi inali ya anthu ochepa, andalama kapena otumidwa ndi andalama.

George Eastman wa ku Rochester, m'chigawo cha New York, ndiye anaganiza zochotsa mankhwala m'manja mwa wojambula. Mu 1888 anatulutsa kamera yotchedwa Kodak. Inkagulidwa madola 25, ili kale ndi filimu ya zithunzi 100 m'kati. Ukamaliza, unkatumiza kamera yonseyo ku fakitale pamodzi ndi madola 10, iwo n'kutsuka zithunzi, kuikamo filimu yatsopano, n'kukubwezera. Malonda ake ankalengezedwa ndi mfundo imodzi: iwe ungodina batani, zotsalazo achita ndi iwo. Koma madola 25 masiku amenewo sizinali ndalama zamasewera. Kusintha kwenikweni kunabwera mu February 1900, pamene kampaniyo inatulutsa Brownie, yopangidwa ndi Frank Brownell. Thupi lake linali la katoni, mtengo wake dola imodzi, ndipo filimu ya zithunzi 6 inali masenti 15. Eastman sankafuna phindu pa kamera. Ankadziwa kuti munthu akagula mbale, ndiwo azigula tsiku ndi tsiku. Mu 1930 mpaka anagawa ulere makamera okwana pafupifupi theka la miliyoni kwa ana amene ankakwanitsa zaka 12 chaka chimenecho. Chifundo eti? Mwana aliyense anapita kukagula filimu.

Tiyeni tikatsegule kabokosika tione zimene zinali m'kati, chifukwa malire ake ndi amene anabala malamulo onse amene makolo athu ankatsata osadziwa kumene anachokera. Lenzi inali kagalasi kamodzi kokha, kosasuntha. Kuwala kunkalowa pa kabowo kakang'ono, ndipo kabowo kakachepa, zinthu zapafupi ndi zapatali zimaoneka bwino pamodzi. N'chifukwa chake panalibe zopotokola kuti chithunzi chiwale. Bola munthu aime mamita awiri kapena kuposerapo, basi. Kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka ukadina, kamene ojambula amati shata, kanali ndi liwiro limodzi, pafupifupi 1/50 ya sekondi. Liwiro limeneli ndi lokwanira munthu woima, koma si lokwanira mwana wothamanga kapena dzanja lonjenjemera. Ndiye kabowo kakang'ono, filimu yosamva kuwala msanga: mapeto ake kamera imeneyi inkafuna dzuwa. Malangizo anali akuti dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Zotsatira zake ndi mibadwo yathunthu ya anthu otsinzina pa zithunzi, nkhope zokwinyika ngati alawa bwemba. Mukatsegula alubamu yakale n'kupeza agogo akuoneka okwiya pa tsiku la ukwati wawo, musafulumire kuweruza banjalo. Ankangoyang'anizana ndi dzuwa.

Kamera itatsika mtengo chonchi, inayamba kupezeka pamalo pamene akatswiri kunalibe. Mu April 1912, mtsikana wa zaka 17, Bernice Palmer, anali m'sitima ya Carpathia imene inakatola anthu opulumuka pa ngozi ya Titanic. Anali ndi Brownie yake, ndipo anajambula opulumukawo ndi madzi oundana amene anali panyanjapo. Atafika ku New York anagulitsa ufulu wa zithunzizo pa madola 10 okha. Kamerayo tsopano imasungidwa ku Smithsonian.

Koma nkhani imene imandikhala pamtima ndi ya ku Congo. Pa nthawiyo dzikolo linali ngati munda wa Mfumu Leopold II wa ku Belgium, ndipo midzi inkakakamizidwa kupereka mphira. Mudzi ukalephera kukwanitsa muyeso, alonda a makampani ankapha ndi kudula anthu ziwalo. Malipoti ankalembedwa, Leopold ankakana. Mu 1904, pa mishoni ya Baringa, bambo wina dzina lake Nsala anafika atanyamula dzanja ndi phazi la mwana wake wamkazi wa zaka 5, Boali. Mmishonale Alice Seeley Harris anali ndi kamera wamba ya Kodak. Anamukhazika Nsala pakhonde, namujambula cham'mbali akuyang'ana zimene zinatsala za mwana wakeyo. Mulibe luso lodzionetsera m'chithunzicho. Kuwala ndi kwa masana, munthu wakhala phee, mtunda ndi woti nkhope ndi tiziwalo tija zioneke pamodzi. Chithunzichi ndi zina zinaonetsedwa m'misonkhano yambirimbiri ku Britain ndi ku America. Mu 1905 Mark Twain analemba kabuku kachipongwe, King Leopold's Soliloquy, momwe mfumuyo ikudandaula za kodak ngati mboni imene yaikanika kuigula. Mu 1908 Congo anachotsedwa m'manja mwa Leopold. Sindinganene kuti kamera yokha ndiyo inachita zimenezi, ndipo chimandiwawa n'chakuti chisoni cha Nsala chinayendayenda m'maholo a ku Ulaya iye alibe chonena pa kayendedwe kake. Komabe chithunzicho chilipo chifukwa kamera inali itatchipa mpaka mayi wa pa mishoni ya kutchire n'kukhala nayo pafupi.

Mpaka apa kamera ili m'manja mwa azungu, ife tili kutsogolo kwake. Kuno kwathu alipo amene anaigwira msanga: Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, anajambula John Chilembwe ndi banja lake nkhondo ya 1915 isanachitike. Koma anthu otere anali owerengeka. Chimene Brownie inachita mu Africa, patapita zaka makumi angapo, n'kukhala sukulu ya anyamata amene sakanaloledwa n'komwe kukhudza kamera ya mzungu. Mukaona mndandanda wa akatswiri a kontinenti ino, mudabwa kuti angati anayambira pa kabokosi komweka. J. D. 'Okhai Ojeikere wa ku Nigeria, amene pambuyo pake anajambula pafupifupi masitayilo 1,000 a malukidwe a tsitsi la amayi, anagula Brownie D mu 1950. Peter Magubane wa ku South Africa, uja anadzabisa kamera mu buledi kuti apolisi a tsankho asaione, anayamba ndi Brownie ali pasukulu.

Awiri a ku Mali ndi amene ndikufuna tikhale nawo kanthawi. Seydou Keïta anali mwana wa kalipentala ku Bamako. Mu 1935 amalume ake, pobwera ku Senegal, anamupatsa Kodak Brownie. Anadziphunzitsa yekha, ndipo mu 1948 anatsegula situdiyo pabwalo la nyumba ya makolo ake. Pa nthawiyi anali atapeza kamera yokulirapo, koma makhalidwe a munthu amene anaphunzira ndi filimu yowerengeka sanamuchoke. Ankakonda kuwala kwa dzuwa osati magetsi. Nsalu yake yoyamba yoika kumbuyo inali chofunda cha pabedi pake. Ndipo kasitomala aliyense ankamujambula kamodzi kokha, chifukwa filimu inali ndalama. Tangoganizani: kamodzi. Ndiye kuti ntchito yonse inkachitika batani lisanadinidwe. Kukhazika munthu, kutembenuza phewa, kuyala chovala kuti maluwa ake alimbane bwino ndi maluwa a nsalu yakumbuyo, kuika dzanja poti mphete ioneke. Anali ndi wailesi, wotchi, cholembera, ngakhale njinga yamoto, zoti makasitomala azigwira kuti aoneke mmene ankafunira kukumbukiridwa. Lero zithunzi zimenezi zimapachikidwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso ku Paris ndi New York, zitakulitsidwa kuposa mmene eni ake anazionera.

Malick Sidibé anali wamng'ono kwa Keïta, ndipo anatenga njira ina. Mu 1956 anagula kamera yake yoyamba, Brownie Flash. Kamera yopepuka yokhala ndi fulashi inamupatsa chinthu chimene situdiyo sikanatha kumupatsa: usiku. Mali atalandira ufulu mu 1960, achinyamata a ku Bamako ankachezera kuvina, ndipo Sidibé ankayenda pa njinga kuchoka pa phwando ili kupita pa lina, kenako n'kukatsuka zithunzi usiku womwewo kuti anthu adzasankhe zawo. Fulashi yaing'ono ili ndi lamulo lake losakambirana: ukawirikiza kawiri mtunda, kuwala kofika pa munthu kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kupitirira mamita atatu kapena anayi, kulibe chimene ikuchita. Tsono wojambula sangaime pakhomo ngati mlendo. Ayenera kulowa m'bwalo, thukuta la ovina limugwere. N'chifukwa chake zithunzi za Sidibé zimaoneka ngati zojambulidwa ndi mnzawo wa ovinawo, ndipo analidi mnzawo. Naye pambuyo pake anagula makamera abwinopo, sindikubisa. Koma chizolowezi choyandikira anachitenga kwa kamera imene sinkamulola kuima patali. Mu 2007, ku Venice Biennale, anapatsidwa mphotho ya Golden Lion ya ntchito ya moyo wake wonse, woyamba mwa ojambula zithunzi kuilandira.

Pali vuto lina limene ojambula a khungu lakuda anakumana nalo, limene mabuku a malangizo a makamera sankalitchula. Makamera atayamba kudziyezera okha kuwala, ankayeza poganiza kuti chilichonse chimene chili kutsogolo kwawo, ukachisakaniza, chimapanga mtundu wotuwa wapakatikati. Ndiye muimike munthu wakuda, atavala malaya oyera a kwaya, kumbuyo kwake kuli khoma la laimu ndi thambo la mwezi wa October. Kamera ikuona kuyera kochuluka, ikuchepetsa kuwala, nkhope n'kusanduka chikuni chokhala ndi mano. Filimu yamitundu inawonjezera vutoli. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankatchuna makina awo poyerekeza ndi khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika kuti Shirley card. Lorna Roth, wofufuza wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, analemba kuti ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti ikonze kaonekedwe ka mitundu yoderapo anali opanga mipando yamatabwa ndi opanga chokoleti, amene katundu wawo sankaoneka bwino pa zithunzi zamalonda. Chokoleti chinamveka msanga kuposa anthu. Khadi lokhala ndi amayi atatu a makungu osiyana linadzatuluka cha m'ma 1990.

Akameramani athu a m'makwalala sanawerenge zonsezi, koma mankhwala ake anawapeza. Ine ndinawapeza chakumapeto kwa nthawi yawo, ndili mwana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Bambo wa njinga, kamera m'khosi, kachikwama ka maenvulopu pambali, akuzungulira Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi kapena pa geti la sekondale yogonera konko. Unkalipira theka, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, ipite kutauni kukatsukidwa. Sabata ziwiri, mwina mwezi. Mu alubamu ya mayi anga muli zithunzi za akameramani osiyanasiyana, ndipo ndimatha kusiyanitsa waluso ndi wongofuna ndalama popanda kuuzidwa. Wongofuna ndalama ankaimika anthu pa dzuwa la 12 koloko, iye n'kuima kutali kuti nyumba yonse ilowe. Anthu ake ndi timizukwa tosazindikirika, maso ali m'maenje amdima. Waluso ankati, "Mayi, tasunthirani pansi pa mango apa," n'kuyandikira mpaka munthu adzaze chithunzi. Pamthunzi kuwala kumafika mofewa kuchokera mbali zonse, khungu lakuda limaonetsa mitundu yake yonse, ndipo kamera sipusitsidwa ndi thambo. Chichewa chinaneneratu kale: chithunzi ndi mthunzi ndi mawu apachibale. Ndipo taonani zimene anthu ankagwira pojambulitsa: wailesi ya kaseti, maluwa apulasitiki, kutsamira galimoto ya eni ake. Bamako ndi Ndirande sanauzane, koma ankalota zofanana.

Pamene izi zinkachitika, mafakitale anali kalikiliki kuchotsa zifukwa zolakwitsira chimodzichimodzi. Anthu ankavutika kuika filimu, ndiye mu 1963 Kodak inatulutsa Instamatic, ya filimu yongoponyamo ngati kaseti. Pofika 1970 anali atagulitsa oposa 50 miliyoni. Mu 1977 Konica C35 AF inakhala kamera yoyamba yogulitsidwa mwaunyinji yodzipezera yokha mtunda. Mu 1986 Fujifilm inabweretsa kamera yogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, zomwe kunena zoona ndi nzeru ya Eastman ya 1888 itavala pulasitiki.

Pa onsewa, imene ndimaisirira ndi Olympus Trip 35, imene inapangidwa kuyambira 1967 mpaka 1984, ndipo inagulidwa mwaunyinji. Sinkafuna batire, timagalasi tozungulira lenzi tinkasandutsa kuwala kukhala mphamvu yoyezera. Shata yake inali ndi maliwiro awiri okha, 1/40 ndi 1/200. Posankha mtunda panali tizithunzi tinayi: mutu wa munthu mmodzi, anthu awiri, gulu, ndi phiri, kutanthauza mita imodzi, mita ndi theka, mamita atatu, ndi kutali. Kukakhala mdima wopitirira muyeso, kambendera kofiira kankatulukira poyang'anira ndipo batani linkakana kudinika. Ndimaikonda chifukwa inali yoona mtima. Inkakuuza poyera kuti apa sindingathe, pita ukafune kuwala. Ndipo tizithunzi tinayi tija tinkakakamiza munthu kudzifunsa funso limene ambiri sitidzifunsa tikamajambula ndi foni: kodi ndikujambula nkhope, anthu, kapena malo? Ku Britain inkatsatsidwa pa TV ndi David Bailey, katswiri wa zithunzi za mafashoni, ndipo uthenga wake sunasiyane ndi wa Hardy.

Kenako kunabwera dijito. Chodabwitsa n'chakuti inabadwira m'nyumba ya Kodak momwemo. Mu 1975 injiniya wachinyamata, Steven Sasson, analumikiza chimakina cholemera makilogalamu 3.6 chimene chinkatenga masekondi 23 kuti chisunge chithunzi chimodzi chosakhala chamitundu pa tepi ya kaseti. Akuluakulu ake sanachithamangire; ndalama zawo zinali mu filimu. Mu 1995 Casio QV-10 inabwera ndi kasikirini kumbuyo, munthu n'kumaona chithunzi pomwepo. Zaka 15 zotsatira zinali za timakamera tasiliva tolowa m'thumba, tija tinkapezeka pa ukwati uliwonse, wachibale wochokera ku Joni akuti aliyense aime pamzere.

Timakamera timeneti tinali ndi malire atsopano, ofanana modabwitsa ndi a Brownie. Sensa yake, kamene kanalowa m'malo mwa filimu, mwa tambiri inali ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4 ndi theka m'lifupi, yosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Sensa yaing'ono imatola kuwala kochepa, ndiye kukada chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga. Otsatsa malonda ankapikisana pa mamegapikiselo, 8, 12, 16, koma kuthithikiza madontho ambiri pa kachikhadabo komweko sikuwonjezera kuwala. Chinanso, ukadina batani, kamera inkayamba yaganiza kaye, n'kujambula mwana atatembenuka kale.

Apa ndi pamene Alex Majoli, wa ku Italy, wa bungwe la ojambula la Magnum, anadabwitsa anzake. Mu 2003 anajambula nkhondo ya ku Iraq, komanso ku Congo ndi ku China, pogwiritsa ntchito Olympus C-5050, kamera ya mamegapikiselo 5 imene inapangidwira anthu wamba. Sinali yotchipa ngati Brownie, koma poyerekeza ndi zimakamera zimene atolankhani anzake ankasenza, inali kachidole. Zithunzi zake zinatuluka mu Newsweek ndipo zinapata mphotho. Kuchedwa kwa kamerayo anakuzemba ponyamula angapo nthawi imodzi: ina ikamasunga zithunzi, iye watola ina. Ndipo chimene ena ankachiona ngati chilema, chakuti sensa yaing'ono imaonetsa bwino zapafupi ndi zapatali zomwe, iye anachisandutsa kalembedwe kake: munthu ali pafupi, zimene zikumuchitikira kumbuyo zikuonekanso. Kamera yaing'ono sichititsanso mantha. Munthu ukamuloza ndi chilenzi chotalika ngati mtondo wa mfuti, nkhope yake imatseka.

Msika wa timakamerati unagwa mofulumira kuposa mmene unakwerera. Ziwerengero za bungwe la opanga makamera ku Japan, CIPA, zimaonetsa kuti mu 2010 anatumiza kumisika makamera a dijito oposa 120 miliyoni. Mu 2023 sanakwane 8 miliyoni. Foni inameza zonse. Kodak yomwe inapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole mu January 2012. Akameramani a njinga aja ena anasanduka ojambula mavidiyo a maukwati, ena anangosiya. Ndiye posachedwapa achinyamata a ku America ndi ku Ulaya ayambanso kusaka timakamera takale tomweti, ati zithunzi za foni zasalala mopitirira muyeso, ndipo pa TikTok akuonetsana zithunzi za fulashi yowawa ndi maso ofiira. Zimandiseketsa pang'ono. Maso ofiirawo ndi chilema chabe: fulashi ili pafupi kwambiri ndi lenzi, ndiye kuwala kumalowa m'diso, kugunda mitsempha ya magazi ya kumbuyo kwake, n'kubwerera njira yomweyo. Zimene makolo ankadandaula nazo, ana akuzigula pa mtengo wokwera.

Yanga ndinaigula kwa venda wina mumsika, pakati pa machaja ndi marimoti, nditangomaliza maphunziro a ku yunivesite. Imadya mabatire awiri a tochi yaing'ono, ndipo pakona pali mng'alu. Foni yanga imaiposa pa zambiri, makamaka usiku. Koma foni imandipangira ziganizo zambiri mwakachetechete, imasalaza khungu la agogo mpaka makwinya amene ndimafuna kusunga n'kusowa, pamene kakameraka kamangondipatsa zimene kaona. Zimene ndimachita nako ndi zomwe zija za anthu amene ndawatchulawa. Sindijambula anthu masana dzuwa lili paliwombo. Ndimadikira cha m'ma 4 koloko, kapena ndimawapititsa pakhonde, kuwala kuzibwera cham'mbali. Kumbuyo kukakhala kowala kuposa nkhope, ndimakweza kuwala ndi kabatani ka +1, kapena ndimayatsa fulashi ngakhale ndi masana kuti idzaze mithunzi ya m'maso. Zumu ya dijito sindiikhudza, chifukwa imangodula chithunzi n'kuchikoka. Ndimayenda ndi miyendo. Kukayamba kuda ndimatsamiritsa zigongono pa tebulo kapena pa mpanda, mmene ankachitira a Brownie ndi 1/50 yawo. Ndipo ndisanadine ndimayang'ana m'makona onse anayi, chifukwa ndowa ya buluu ndi mtengo womera pamutu pa mkwatibwi sizidziwika mpaka chithunzi chitatuluka.

Kuchedwa kwa batani ndiko kunandiphunzitsa chinthu chimene sindinachiwerenge paliponse. Mankhwala odziwika ndi kudina batani theka, kamera ipezeretu mtunda ndi kuwala, chala n'kudikira pomwepo. Ukamalizitsa, imajambula pafupifupi nthawi yomweyo. Pa chinkhoswe cha msuweni wanga chaka chatha, amayi akuvina chimtali, ndinaona kuti ngakhale ndi theka lija, ndikadikira kuti maso aone chitenje chikuuluka, ndachedwa. Ndiye ndinasiya kudalira maso, n'kuyamba kumvera ng'oma. Wovina amatembenuka pa kugunda kumene woimba ng'oma wakulonjeza kale, ndipo khutu limakumva kukubwera diso lisanaone kanthu. Ndinaloza pamalo pamene azakhali anga ankadzadutsa, chala pa theka, n'kumawerenga mumtima, n'kudina kugundako kusanafike. Pa zithunzi 40 za madzulo amenewo, zitatu zinatuluka bwino. Chimodzi ndinakachitsukitsa kutauni, ndipo azakhali anachipachika pabalaza, pambali pa kalendala ya mpingo.